Mmisiri wa Miyala ndi Lichero la Mtedza

Panali munthu wina amene ankakhala m'mudzi wa m'mbali mwa phiri, cha ku Dedza. Sanali mbadwa ya m'mudzimo. Anabwera kudzakwatira ali ndi mphamvu zake zonse, ndipo anakhala pa chikamwini zaka makumi atatu ndi zinayi.

Munda wa kwa mkazi wake unali pamtsetse. Mvula ikagwa, madzi ankatsika m'phiri ndi liwiro, n'kukokolola dothi labwino kupita nalo kudambo. M'mundamo munkatsala miyala yokhayokha, moti khasu likagunda pansi moto unkathetheka. Anthu ankaitukwana miyalayo. Koma mkamwiniyu anali ataphunzira kwa amalume ake ntchito imene ambiri kumeneko sankaidziwa, ntchito yomanga khoma la miyala popanda matope, popanda simenti. Mwala pa mwala basi.

Anamanga makoma asanu ndi limodzi mopingasa mtsetsewo, lililonse lofika m'chiuno. Madzi akafika pakhoma ankafooka, n'kudutsa pang'onopang'ono m'mipata ya miyala, dothi n'kutsala kumbuyo. Patapita zaka, kuseri kwa khoma lililonse kunakhala malo athyathyathya, ndipo banjalo linkakolola mbatatesi, nyemba ndi chimanga chokwanira. Makomawo sanali odabwitsa. Palibe mlendo anachokera kutali kudzawaona. Ankangogwira ntchito yawo, ndipo mvula ikatha mmisiriyu ankayenda m'mbali mwake kubwezeretsa mwala umene wasuntha.

Zaka zonsezo sanaphunzitse munthu. Sikuti anali womana. Ankangoona kuti kuchita yekha n'kwachangu kusiyana ndi kufotokoza. Ana ake anakula, napita kutauni.

Mwezi wozizira wa Juni mkazi wake anamwalira. Abale a mkaziyo sanamuthamangitse, ndipo anamupempha kuti akhalebe. Koma kwawo, kutsidya kwa mapiri, mbumba yake inali yopanda mwini, ndipo alongo ake ankamuitana. Choncho anagwirizana kuti akamusudzula mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, adzabwerere kwawo.

Munda unatsala m'manja mwa mng'ono wake wa malemuyo, mayi wamasiye dzina lake Nakwenda. Iyeyu anali mlamu wake wa mmisiriyu, ndipo monga mmene alamu amachitira, awiriwa sankalankhulana popanda kunyogodolana.

Tsiku lina anaima limodzi kumunsi kwa munda. Kumeneko madzi anali atayamba kukumba chigwembe chatsopano, chofika kale m'mawondo. Onse awiri ankadziwa kuti pakapanda kumangidwa khoma lachisanu ndi chiwiri, chigwembecho chidzakwera chaka ndi chaka mpaka kudya mundawo.

“Alamu,” anatero Nakwenda, “mukapita, makomawa akamagwa tizikuimbirani foni?”

“Foni sinyamula mwala.”

“Ndiye mundiphunzitse ine.”

“Inu? Ndi manja osadzulira nkhwaniwo?”

“Manja omwewa ndi amene akhala akukuphikirani chimwalirire achemwali. Sindikuona kuti mwawonda.”

Mmisiri uja anaseka, navomera.

Anayamba ndi maziko. Anakhoma zikhomo, namanga chingwe, ndipo anakumba ngalande mpaka kufika pa dothi lolimba. Miyala ikuluikulu anaikunkhuniza n'kuiika pansi. Kenako mmisiri anamuonetsa kuti khoma lili ndi mbali ziwiri, ya kumtunda ndi ya kumunsi, ndipo mbali ziwirizo zimakwera motsamirana, pakati pake n'kumathiramo zibenthu ndi timiyala ting'onoting'ono. Anamuuza kuti mwala umodzi uzikhala pa miyala iwiri, kuti msoko usatsike molunjika. Pomaliza ananyamula mwala wautali n'kuutembenuza m'manja.

“Mwala uli ndi nkhope, uli ndi mchira,” anatero. “Nkhope ndi ya anthu odutsa m'njira. Mchira ndi wa khoma. Mchira uzilowa m'kati, ukagwirane ndi anzake.”

“Ndamva,” anatero Nakwenda.

Anamvadi, koma maso ake ankafuna zina. Nakwenda ankadziwika m'mudzi monse ndi kuzira. Khonde la nyumba yake linali losalala, la mizere ya dothi lakuda ndi loyera, moti akazi anzake ankabwera kudzaonera. Munthu wotere akagwira mwala wautali wosalala mbali imodzi, mtima sumulola kubisa kusalalako m'kati mwa khoma. Choncho ankaugoneka m'litali, mbali yokongola ionekere kunja. Mzere unkatha msanga, ndipo unkaoneka bwino. Koma mwala wogonekedwa chotero umangokhala pamilomo pa khoma. Palibe chougwira. Dothi likalemera ndi madzi kumbuyo kwake, umagudubuka, n'kutenga anzake.

Mmisiri uja anaona zimenezi tsiku lachiwiri, ndipo anatsegula pakamwa kuti alankhule. Nthawi yomweyo Nakwenda anabwerera m'mbuyo kuti aone mzere wake, naseka ndi chimwemwe. Kanali koyamba kuseka chotero chichitikire maliro, ndipo kasekedwe kake kanali ka mkulu wake, mkazi wa mmisiriyu. Pakamwa paja anatseka.

“Ndidzamuuza mawa,” anadziuza.

Mawa lake analawirira m'bandakucha, mame adakali m'maudzu. Anachotsa miyala yonse yogonekedwa molakwika, naitembenuza, michira m'kati. Inali ntchito yochepa kwa iye. Mmene Nakwenda ankafika ndi nkhata yake, anapeza mlamu wake atakhala pamwala, akusisita mawondo.

“Mwalawira, alamu. Tulo tavuta?”

“Nkhalamba sigona.”

Mkuja wake anachitanso chimodzimodzi. Anachita choncho milungu itatu. Masana Nakwenda ankamanga, m'mawa mmisiri ankakonza. Khoma linkakwera lolimba, ndipo Nakwenda sanazindikire, chifukwa munthu amene wanyamula miyala zana patsiku sakumbukira mmene uliwonse unagonera. Mmisiri uja mtima wake unali m'malo. Ankaona kuti akuchita chifundo. Mlamu wake wasangalala, khoma lili bwino, ndipo palibe amene wachita manyazi.

Madzulo ena, dzuwa litapendeka, mmisiriyu ankabwerera kuchokera kodula mitengo, ndipo njira yake inadutsa pamunda wa mayi wina woyandikana nawo, dzina lake Nachisale. Anamva mawu a mlamu wake, naima kuseri kwa nthochi. Nakwenda anali atagwada pansi ndi Nachisale, miyala ili mbwee.

“Ntchitoyi si yovuta, asisi,” ankatero Nakwenda. “Amuna amangotiopseza. Mwala wautali ngati uwu muziugoneka chonchi, kusalalaku kuonekere kunja. Ine langa lija ndamanga choncho, ndipo ngakhale ng'ombe itatsamira silingasunthe.”

Mmisiri uja anamva zonsezi ali kuseri kwa nthochi. Cholakwa chimene ankabisa m'mawa uliwonse chinali chitayamba kubereka. Khoma la Nakwenda akanatha kulikonza mpaka tsiku lochoka. Nanga la Nachisale? Nanga la munthu amene Nachisale adzamuphunzitse? Nanga makoma asanu ndi limodzi aja, mwala ukadzasuntha iye ali kutsidya kwa mapiri?

Kunali kutatsala milungu isanu. Njira zinali ziwiri. Akanatha kupitiriza mwakachetechete, kumaliza khomalo, n'kuchoka ali ndi dzina labwino, mlamu wake akumuthokoza. Kapena akanatha kunena zoona, n'kuchotsa chimwemwe chimene iye mwini anachisamala milungu itatu.

M'bandakucha anapitanso kumunda monga mwa nthawi zonse. Anafika pa mzere wa dzulo, napeza miyala isanu yogona m'litali. Manja ake anapita okha pa mwala woyamba. Anaugwira. Anaima choncho kanthawi, akumva kuzizira kwa mwalawo m'zikhatho. Kenako anausiya mmene unaliri, nakakhala pansi.

Nakwenda atafika, mmisiri anati, “Alamu, musanayambe, takwerani pakhomapo muyende. Mmisiri amaponda zimene wamanga.”

“Bwanji simunandiuze kale?”

“Kwerani.”

Nakwenda anamanga bwino chitenje, nakwera. Anayenda kuchokera kumapeto, khoma lili nji. Anayenda monyadira, manja atatambasula. Atafika pa mzere wa dzulo, mwala unagudubuka pansi pa phazi lake. Analumpha n'kugwera m'dothi chokhala, ndipo miyala inayi inatsatira, gubudu gubudu.

“Mayo! Wagwira ndani pamenepa?”

“Palibe,” anatero mmisiri. “Lero ndi tsiku loyamba limene palibe wagwira.”

Ndipo anamuuza zonse.

Nakwenda sanadzuke msanga. Anakhala pomwepo, akuyang'ana khoma lalitali limene ankaliyesa lake.

“Ndiye milungu yonseyi ine ndimangosewera, inu n'kumabwera kudzatolera zidole?”

“Ndimaopa kukuchititsani manyazi.”

“Manyaziwo simunawachotse, alamu. Mwangowaunjika. Ndadzitama pa mjigo. Ndadzitama ku Mvano. Dzulo ndaphunzitsa munthu bodza.”

Anatola nkhata yake napita. Tsiku limenelo sanabwerenso. Mawa lake sanabwere. Chakudya anatumiza ndithu, koma iye mwini sanaoneke. Mmisiri uja anakhala kumunda yekha masiku awiri, miyala isanu ija ili pomwe inagwera, ndipo sanaikhudze. Pa ntchito zonse zimene anagwira pa mtsetse umenewo, imeneyi ndiyo inamulemera.

Tsiku lachitatu Nakwenda anatulukira atasenza thumba la mtedza, lichero lili m'khwapa. Anatula patsogolo pa mlamu wake.

“Khalani apa,” anatero. “Uwu ndi mtedza wa mbewu. Muziswa. Manja anuwo ndi akuba, afunika ntchito. Ine kwa inu ndikungofuna pakamwa.”

“Ine kuswa mtedza? Anthu akandiona?”

“Akuoneni. Ine anandiona nditagwa chokhala.”

Mmisiri uja analandira lichero.

Nakwenda anayamba ndi kugumula. Anachotsa mzere wake wa tsiku lija. Kenako anapita pa chigawo chimene mmisiri anakonza, nachiphwasulanso mikono iwiri, mwala umodziumodzi, kuti aone ndi maso ake mmene michira inagwiranirana m'kati. Mmisiri anayang'ana ntchito yake yabwino ikutsika pansi, naswa mtedza mwamphamvu.

Pamenepo ndi pamene anazindikira chinthu chimene sankachidziwa. Zimene manja ake ankachita zaka makumi atatu, pakamwa pake sipankadziwa kuzinena.

“Utembenuzeni,” ankatero.

“Mbali iti?”

“Mbali imene ukufuna.”

“Mwala umafuna? Ulankhula?”

Anaganiza nthawi yaitali, mtedza uli m'manja. “Ulankhula. Ugwedezeni. Mukumva gwede gwede? Ndiye kuti sunakhale. Ukakhala umangoti dii, kamodzi, n'kukhala chete.”

Nakwenda anautembenuza. Gwede gwede. Anautembenuzanso. Gwede gwede. Kachinayi unati dii. Anakweza maso, nagwira mwala wina.

Ntchito inayenda pang'onopang'ono. Pamene mmisiri akanamanga mikono itatu, Nakwenda ankamanga umodzi, ndipo theka lake ankagumulanso akauponda. Tsiku lina analimbana ndi mwala umodzi mpaka dzuwa kufika pamutu. Mmisiri ankaona bwinobwino pamene mwalawo unayenera kukhala. Anapirira, napirira, kenako anadzambatuka, lichero n'kugwa, mtedza n'kumwazika.

Nakwenda sanatembenuke n'komwe. “Tolani,” anatero.

Ndipo anatola.

Tsiku lina mwala unamupana Nakwenda chala, chikhadabo n'kuda. Anakhala pansi akuyamwa chalacho, misozi ili m'maso. Mmisiri anati, “Taonani changa,” namuonetsa chala chake chachikulu chimene chikhadabo chake chinali chopindika kuyambira kalekale. “Tsopano ndife abale.”

“Ubale wake woipa,” anatero Nakwenda, nabwerera pakhoma.

Loweruka lina anapita yekha kwa Nachisale. “Asisi, ndinakunamizani. Tiyeni tigumule.” Kuyambira pamenepo Nachisale ankabwera masana ena kudzaonera, ndipo ankaseka akapeza mmisiri wodziwika uja ali ndi lichero pamiyendo.

Mwezi wa Okutobala unafika. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri. Mwambo wosudzula unachitika, ndipo tsiku lochoka linakwana khomalo lisanathe. Panatsala mikono inayi, pakamwa penipeni pa chigwembe.

“Ndikhaleko masiku atatu,” anatero mmisiri. “Malo amenewa ndi ovuta.”

“Pitani, alamu. Alongo anu akudikira. Mukatsala mudzayambanso kulawira.”

Nakwenda anamupatsa kathumba ka mtedza umene mmisiriyo anaswa yekha, kuti akadzale kwawo. Nyundo yake yaing'ono, imene ankasemera miyala, anaisiya pakhonde la Nakwenda, ndipo atafunsidwa anati waiwala.

Chaka chimenecho mvula inali yambiri. Mwezi wa Febuluwale inagwa masiku anayi osalekeza. Patapita mlungu, munthu wina wochokera kumudzi kuja anakumana ndi mmisiriyu pamsika, namuuza kuti kumunda kwa Nakwenda khoma lagwa. Munthuyo sanadziwe zambiri, chifukwa anangomva kwa ena.

Mmisiri uja anadziimba mlandu. Ankati, “Ndikanangomaliza ndekha.” Mitsinje inali yodzaza, ndipo kwawo kunali matenda, moti anatha kunyamuka mwezi wa Epulo, chimanga chitayamba kuuma.

Atafika sanalowe m'mudzi. Analunjika kumunsi kwa munda, kuchigwembe. Khoma lachisanu ndi chiwiri linali chiimire. Silinali lokongola. Kumapeto, pa mikono inayi ija, linali lokhota pang'ono, ndipo miyala ina inatulutsa zigongono. Koma kumbuyo kwake dothi latsopano linali litadzaza chigwembe chija mpaka theka, ndipo pamwamba pake panali patamera nyemba.

“Alendo amayamba apereka moni,” anatero mawu kumbuyo kwake. Anali Nakwenda, khasu lili paphewa.

“Ndinamva kuti khoma lagwa.”

“Linagwadi. Lachitatu kuchokera kumtunda. Lanu. Mfuko inakumba pansi pa maziko.”

“Langa?”

“Lanu, amisiri. Mikono itatu, pansi. Tinamanganso ine ndi Nachisale, mvula ikutinyowetsa.”

“Pati?”

“Pezani nokha.”

Anakwera ku khoma lachitatu. Anayenda m'mbali mwake kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, akuyang'ana mwala uliwonse. Udzu ndi zitsamba za dzinja zinali zitakwera, ndipo sanapeze. Anabwereranso, pang'onopang'ono. Chapakati anaima. Pamenepo panali mwala wautali, wosalala, wogonekedwa m'litali, nkhope yake yonse ili kunja. Anapukusa mutu, koma mumtima anakondwera pang'ono.

“Ndi pano,” anatero. “Alamu, alamu. Khalidwe lija simunalisiye?”

Nakwenda anayandikira, nawerama, nakanda mwalawo ndi chikhadabo chake chakuda chija.

“Taonani ndere,” anatero. “Ndere zotere zimamera miyezi iwiri? Umenewu munaika ndinu. Ndinali mtsikana, ndikukumbuka. Munaitana achemwali kuti adzaone mmene wasalalira. Panga ndi apo, pafupi ndi nthochi. Mwadutsapo kawiri.”

Mmisiri uja anayang'ana mwalawo, nakumbukira tsikulo, ndi mkazi wake ataima pamenepo ndi mtsuko pamutu. Anaseka mpaka anakhala pansi, ndipo atapukuta m'maso anati, “Mtedza ulipo? Ndipatseni lichero. Mwala uwu muutembenuze ndinu.”

Abale anga, tanthauzo la fanizoli si lobisika.

Mmisiri uja ankamukonda mlamu wake masiku onse awiri, tsiku limene ankakonza khoma m'bandakucha, ndi tsiku limene anakhala pansi ndi lichero. Koma chikondi choyambacho chikanasiya khoma lolimba ndi munthu wosadziwa kanthu, ndipo khoma lililonse, ngakhale la mmisiri, tsiku lina limagwa. Chikondi chachiwiricho chinali chowawa, chinali chochedwa, ndipo chinamanga khoma lokhota. Koma chinasiya munthu amene khoma likagwa amadziwa poyambira.

Ambiri a ife timakonda mwa njira yoyambayo. Makolo, akulu a mpingo, aphunzitsi a kalasi, timakonza zolakwa za amene tikuwalera iwo asakuona, n'kumati ndi chifundo. Nthawi zina ndi chifundodi. Nthawi zambiri ndi mantha, kuopa nkhope ya munthu amene wauzidwa zoona. Koma tonsefe ndife akamwini pa dziko lino. Tsiku lotisudzula lilipo, ndipo munda udzatsala ndi amene tikuwasiya.

Mulungu satikonda mobisa zoona. Amatiuza kuti tikwere pa zimene tamanga, tiponde. Pamene mwala ukukana kukhala, chala chapanidwa, ndipo mukufunsa kuti bwanji Iye sakungotambasula dzanja n'kuuika yekha, musaganize kuti wachoka. Ali pafupi, akuona pamene mwalawo uyenera kukhala, ndipo akulankhula. Mverani, muutembenuzenso.